Masamba Atatu Omaliza

Bukulo tinalipeza mumsika wa Zomba,
pansi pa mulu wa kaunjika,
lopanda chikuto, masamba atatu omaliza atapita,
kaya anakulungira zitumbuwa za yani.
Twaibu analigula ndi ndalama ya sopo.
Madzulo ake anakwapulidwa, osalira.

Dzina la ngwaziyo linatikanika lilime,
tinangomutcha Chisoti.
Anali ndi chipsera pachibwano,
nsapato yakumanzere yoseka kuchala,
ndipo pa tsamba lina, chapakati,
anangokhala yekha padenga,
osamenya munthu, osatsegula pakamwa,
mvula ya mizere yopendekera ikumulasa kumsana.
Tsamba lonse: munthu, denga, mvula.
Tinkachedwa pamenepo kuposa pa ndewu zonse.

Pakati pa kabokosi ndi kabokosi
panali kampata koyera.
M'menemo ndimo tinkakhala ife.
Apa wakunga chibakera, apo mdani ali chagada,
koma anaponya ndani?
Ndife, pakhonde la a Namate ku Sadzi,
mpaka galasi la zenera linachitira umboni.

Dzulo, ndevu zili kale mbuu,
ndinaona choko pabolodi ku Chinamwali:
LERO KATUNI YA MOTO, YOMASULIRA.
Pachithunzi, chisoti chomwe chija.
Ndinalipira a Mkwanda pakhomo,
ndinadzipanikiza pabenchi pakati pa ana,
mawondo kuchibwano, fungo la chiwaya ndi thukuta.

Amukonza, aise.
Chipsera anachichapa,
chibwano chili see ngati sopo wosayamba,
nsapato zonse zatsopano.
Ndipo kulongolola kwake!
Munthu amene ankadya masamba asanu ali duu
tsopano nthabwala pa chibakera chilichonse,
womasulira naye akuthira ndemanga zake:
“Ndikuswa, mphwanga, ukauze amako!”
Mawu atha, milomo ikadatafunabe.
Akamathamanga, zenera lomwelo
linadutsa kumbuyo kwake kanayi. Ndinawerenga.
Mzinda unagwa katatu,
wogwira tsache osaoneka ndi mmodzi yemwe.

Denga lija linabwera, inde.
Ndinaphethira, lapita.
Anaikapo ka nyimbo kondiuza kuti ndimve chisoni,
ngati munthu wokugwira dzanja
panjira ya kwanu.
Kampata koyera anakamata konse,
ine pokhala ndinasowa.

Koma ndisaname.
Pamene anadziponya kuchoka pansanja,
mkanjo uli pepepe, mzinda ukutembenuzika pansi pake,
m'mimba mwanga munachita zii.
Pepala silinandichitepo zimenezo.
Kamtsikana ka pambali panga, ka yunifolomu yong'ambika m'khwapa,
kanaimirira pabenchi, manja m'mwamba,
kuiwala chinangwa chake pansi.
Ndikauze chiyani ine za chipsera?
Chisoti wake ndi ameneyu.

Ndinadikira masamba atatu aja.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikudikira.
Mdani wagwira chingwe, mlatho ukulendewera,
Chisoti watembenuka, watsegula pakamwa,
phethi!
Magetsi.

Mdima, mluzu, mabenchi kugogodwa.
A Mkwanda ndi tochi ya foni:
“Ndalama sizibwerera, si ine ndazimitsa.”

Panja phiri linali litavala nkhungu mpaka m'khosi,
mvula ikutsika chopendekera kuchokera ku Mulunguzi,
mizere yomwe ija, yojambula ndi dzanja.
Pakhonde la okala mnyamata wa kabaza
anakhala yekha pachishalo, osalankhula,
nsapato yake ikumwa madzi.
Ndinaima. Ndinachedwa pamenepo.

Usiku Twaibu analemba ali ku Joni:
“Ndiye zinatha bwanji?”
Ndinayang'ana kabokosi kopanda mawu pafoni,
koyera, kondidikira.
Ndinalemba zomwe tinagwirizana kalekale
pakhonde la a Namate:
anatsika padenga,
anapita kwa wosoka nsapato,
anapempha ngongole.